Mafunso a Owerenga: Kodi amaimba ndi munthu kapena makina?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anabadwa ndi ulumali umene umachititsa kuti manja ake azinjenjemera, moti sangathe kugwira gitala kapena kuomba ng'oma, koma kwaya ikamaimba kutchalitchi iye amagwedeza mutu motsatira nyimbo osaphonya. Tsiku lina ndinaona pa foni bambo wina wa kunja akuimba pamodzi ndi gulu lalikulu pongosuntha mutu ali pa njinga ya olumala. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi kompyuta imene imamuimbira? Nanga mwana wangayu angayambire pati? Mayi wa ku Balaka.

YANKHO: Mayi, zoterozo zilipodi, ndipo woimba ndi munthuyo, osati kompyuta. Chitsanzo chodziwika ndi Clarence Adoo wa ku Britain, katswiri woliza lipenga amene anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika m'munsi atachita ngozi ya galimoto mu 1995. Anamupangira chipangizo chotchedwa Headspace, chimene chimatsatira mutu wake: akautembenuza amasankha liwu limene akufuna pa kompyuta, ndipo akauzira mpweya m'kapaipi kamene kali pakamwa pake liwulo limamveka. Akachedwa kuuzira kapena akasankha liwu lolakwika, nyimbo imasokonekera monga momwe imasokonekerera kwa woliza gitala aliyense, n'chifukwa chake amachita kukonzekera ndi anzake kwa masiku ambiri. Iye anali m'gulu la oimba olumala lotchedwa Paraorchestra, limene linayambitsidwa ndi Charles Hazlewood mu 2011 ndipo linaimba pa mwambo wotseka masewera a olumala a Paralympics ku London mu 2012.

Chipangizo china chimene chingamuyenere mwana ngati wanuyo ndi Soundbeam. Chimagwira ntchito ngati mleme: chimatulutsa kaphokoso kamene khutu la munthu silingamve, ndipo kaphokosoko kakagunda dzanja, mutu kapena njinga n'kubwerera, makinawo amadziwa kutalika kwa pamene munthuyo ali n'kutulutsa liwu logwirizana ndi mtundawo. Kuyandikira kumapereka liwu lina, kutalikira kumaperekanso lina, kotero kuti wovina amapanga nyimbo ndi thupi lake lomwe popanda kukhudza kanthu. Pa nkhani ya kuvina, gulu la Candoco, limene linayamba ku London mu 1991, limaika olumala ndi osalumala m'gule mmodzi, ndipo njinga imatengedwa ngati mbali ya gule, osati chinthu chobisa kuseri.

Tisanamizane, zipangizo zimenezi n'zokwera mtengo ndipo zimachokera kunja, choncho kudikira kuti mudzazipeze kaye kungangomutayitsa mwanayo zaka. Maganizo athu ndi akuti muyambe ndi zimene zili pafupi. Foni kapena tabuleti ingakhale ndi pulogalamu ya piyano imene mabatani ake amatha kukulitsidwa, ndipo mwana angaisindikize ndi chibakera kapena chigongono mutaiika pathebulo n'kuimangirira kuti isatsetsereke. Maseche angamangidwe pamkono kapena pamwendo umene iye amaulamulira bwino koposa. Muyang'anitsitse chiwalo chimenecho, pakuti m'kalata yanu mwanena kale kuti mutu wake suphonya, ndiye kuti khutu ali nalo. Evelyn Glennie wa ku Scotland, amene anasiya kumva ali ndi zaka 12, amaimba ng'oma osavala nsapato kuti azimva kunjenjemera kwa pansi kudzera m'mapazi, ndipo kuno kwathu malemu Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, anatchuka pa wailesi chifukwa cha banjo yake, osati chifukwa chomumvera chisoni.

Chimene tikukuchenjezani ndi chizolowezi choika mwana wolumala kutsogolo pa tsiku la chikondwerero kuti anthu agwidwe chifundo n'kuponya ndalama m'mbale, kenako n'kumuiwala mpaka chaka chamawa. Lankhulani ndi mtsogoleri wa kwaya kuti mwanayo azifika pa zokonzekera zonse monga anzake, apatsidwe nyimbo imodzi ndi malo enieni pamene maseche ake ayenera kulowa, ndipo akalakwitsa azimuuza kuti abwerezenso. Ngati mwanayo amayendera njinga ya olumala, muwapemphenso kuti pakhomo la tchalitchi akonze potsetsereka kuti njinga izilowa yokha popanda kunyamulidwa.