Mapolvorones akalimba, funsani mafuta ndi ufa

Mayi wina wandilembera imelo kuti anayesa kuphika mapolvorones, timabisiketi ta ku Spain ta pa Khirisimasi, koma tinatuluka tolimba ngati mwala. Akufunsa ngati vuto ndi majarini.

Mayi, funso lanuli landibwezera ku Disembala wanga woyamba ku Sevilla, mzinda wa ku Spain. Kunkazizira, ndinali ndekhandekha, ndipo agogo ena oyandikana nawo nyumba anandibweretsera mbale yodzaza timapukusi ta pepala lopyapyala, lopotedwa uku ndi uku. Nditamasula kamodzi, kanangoyoyoka m'manja, ufa wokhawokha. Agogowo anandigwira dzanja n'kundionetsa: uyambe wakafinya kadakali m'pepala, kenako umasule. Nditaika m'kamwa, kanangosungunuka, fungo la sinamoni lili guu. Tsiku limenelo ndinasiya kudziona mlendo.

Dzina la mapolvorones likuchokera ku mawu a Chisipanishi oti polvo, kutanthauza fumbi. Abale ake ndi mamantecado, ochokera ku manteca, mafuta a nkhumba. Kwawo kwenikweni ndi ku Estepa ndi ku Antequera, m'chigawo cha Andalucía. Ku Estepa amakumbukirabe Micaela Ruiz Téllez, amene m'zaka za m'ma 1800 anayamba kuwaumitsako kuti asawonongeke pa ulendo. Lero alipo a mandimu, a chokoleti, a kokonati, ena owazidwa chitowe pamwamba. Ku Philippines amapanga awo ndi mkaka waufa, osalowetsa n'komwe mu uvuni, ndipo amenewo ndimawalemekeza.

Koma majarini ayi, pamenepo sindigonja. Majarini ali ndi madzi, ndipo madzi akakumana ndi ufa watirigu amaumanga, bisiketi n'kulimba. Mafuta a nkhumba alibe madzi, n'chifukwa chake chinthucho chimayoyoka. Ngati simudya nkhumba, a ku Spain omwewo amapanganso a mafuta a olivi. Tsatirani amenewo.

Ndiye muchite chiyani?

Kazingani ufa theka la kilogalamu mpaka ufiirire pang'ono, muusefe, uzizire ndithu. Sakanizani ndi magalamu 250 a mafuta a nkhumba, 200 a shuga wosalala wa pa keke, sinamoni, ndi maalimondi okazinga osinja. Maalimondi akasowa ine ndimasinja mtedza, ndipo umakoma. Osakanda kwambiri. Dulani tozungulira tonenepa ngati chala, muike mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 12 mpaka 15. Mukatulutsa musakhudze mpaka tizizire, kenako muwaze shuga n'kukulunga m'pepala.