Modemu ndi mausi: zikulimbana kapena zikulimbirana?

Mafunso a ulendo uno onse akuzungulira pa kompyuta yakale, ija ya m'masiku a Windows 95 ndi Windows 98, yokhala ndi modemu yoimba nambala pa waya wa telefoni kuti ilowe pa intaneti. Makina oterewa alipobe, ndipo amene amawagwira akufuna kufotokoza matenda ake m'Chichewa chosasokoneza.

"Ndikulemba kabuku ka ophunzira ntchito yokonza makompyuta. Modemu ndi mausi zikagwera pa IRQ imodzi, ndinene kuti zikukangana, zikulimbana kapena zikusemphana?"

Pa mawu atatuwo sindikusankhirani ndi amodzi omwe. Lembani kuti zikulimbirana IRQ imodzi.

Tione kaye chimene chikuchitika m'bokosimo, pakuti mawu amatsata chochitika. Chipangizo chikafuna kuti purosesa isiye zina n'kuchisamalira, chimaitana kudzera pa nambala yake ya IRQ, monga mlendo amalizira belu la pakhomo. Makompyuta a nthawi imeneyo anali ndi ma IRQ 16 okha, kuyambira 0 mpaka 15, ndipo ambiri anali ndi eni ake kale: 1 ndi ya kiyibodi, 6 ya floppy, 7 ya pulinta, 12 ya mausi ya PS/2, pomwe 14 ndi 15 n'za ma hard disk ndi CD. Mapoti a COM, malo olumikizira zipangizo monga mausi ndi modemu, analipo anayi koma ma IRQ awo anali awiri basi. COM1 ndi COM3 zimaitanira pa 4, COM2 ndi COM4 pa 3. Ndiye munthu amene mausi yake ili pa COM1 akaika modemu yam'kati pa COM3, amaganiza kuti wazipatsa malo osiyana, chonsecho belu lili limodzi. Makhadi otsomeka m'kati mwa kompyuta a mtundu wakale wotchedwa ISA, monga modemu yam'katiyo, sabwerekana belu limeneli. Ziwiri zikamaitanira pamodzi, kuitana kwa china kumatayika.

Tsono mawu anu aja. Kukangana n'kwa pakamwa, kumafuna anthu otsutsana, ndipo wowerenga angaseke. Kusemphana kukunena zosiyana ndi vuto lanu: osemphana ndi amene alephera kukumana, wina walowera uku wina uko, pomwe zipangizo zanuzi zakumana pamalo amodzi. Kulimbana kwayandikira, koma kumangotiuza kuti pali ndewu, osatiuza chimene chikumenyanitsa. Mukaikamo kachigawo ka -ir-, kulimbana n'kusanduka kulimbirana, mneniyo amayamba kufuna chinthu patsogolo pake. Simungalembe kuti "zikulimbirana" n'kuika kadontho, wowerenga afunsa kuti chiyani. N'chifukwa chake ndikuwakonda mawuwa pa kabuku ka ophunzira: amakakamiza wolemba kutchula cholimbiranidwacho.

Ndipo si IRQ yokha. Poti iliyonse ili ndi adiresi yake, nambala imene purosesa imaipezera: COM1 ili pa 3F8, COM2 pa 2F8, COM3 pa 3E8, COM4 pa 2E8. Mukaika modemu yam'kati pa COM2 osaletsa poti yachiwiri ya pa bolodi lalikulu, ziwirizo zikulimbirana adiresi ya 2F8 pamodzi ndi IRQ 3. Mukathawira ku IRQ 5, mungakapeze khadi la mawu lakhala kale pamenepo, chifukwa makhadi ambiri a Sound Blaster ankabwera ataikidwa pa 5. Wophunzira amene wazolowera kunena kuti "zikulimbana" amaima pomwepo, pomwe wonena kuti "zikulimbirana" amakafufuza nambala.

"Ndinauza mmisiri kuti mausi yanga yafa. Iye anati ndigule ina, koma yatsopanoyo ikuchitanso chimodzimodzi ndikalowa pa intaneti. Kodi ndinalankhula molakwa?"

Munalankhula Chichewa chabwinobwino, koma munanena zimene sizinachitike. Mmisiriyo anakuyankhani molingana ndi mawu anu.

Yafa ndi mawu otseka nkhani. Kachigawo ka -a- kaja kamanena kuti chinthu chachitika ndipo mmene chachitikiramo ndi mmene zilili mpaka pano. Mausi yakufa siyenda m'mawa, siyenda madzulo, siyenda pa kompyuta ina iliyonse. Yanu imayenda, kenako n'kuuma, kenako n'kuyendanso. Mneni wake afunika -ma- wosonyeza chizolowezi: imauma. Koma mbali imene mmisiri amaifuna kwambiri ndi yachiwiri, yonena nthawi, ndipo apa Chichewa chili ndi zida zakuthwa kuposa mmene ambiri timazigwiritsira ntchito. Tamvani ziganizo izi:

Mausi inauma modemu itaikidwa.

Mausi imauma modemu ikamaimba.

Mausi imauma modemu ikangoyamba kuimba.

Choyamba chikunena zimene zinachitika kamodzi, kale, ndipo chikungosonyeza kuti china chinayamba china n'kutsatira. Mwina poika khadi munagwedeza waya, mwina Windows inasuntha manambala. Chachiwiri chili ndi -kama-, ndiye kuti nthawi yonse imene modemu ili pa ntchito mausi imakhala youma, ikamaliza imamasuka. Chachitatu chili ndi -kango-, cholozera pa mphindi yeniyeni imene vuto limayamba. Mmisiri wodziwa makina akale akamva chachiwiri kapena chachitatu sakutumizani kukagula kanthu. Afunsa kuti mausi ili pa poti iti.

Palinso chizindikiro china chimene anthu amachita nacho manyazi pofotokoza, poopa kuti aoneka ngati akunama: tsamba la pa intaneti limatsika pokhapokha akamagwedeza mausi. Si bodza ayi. Zipangizo ziwiri zikakhala pa IRQ imodzi, zimatheka kuti kuitana kwa modemu sikukumveka, koma mausi ikaitana purosesa imadzuka n'kutolanso zimene modemu inasunga. Mawu onyamula nkhani yonse pamenepo ndi pokhapokha. Musawasiye. Mukangoti "intaneti ikuchedwa", mwataya umboni wonse.

Pamene simukudziwa gwero la vuto, mawu osaweruza ndi abwino. Amisiri amakonda kunena kuti yakana, ndipo ine sindiona cholakwika: kukana kumasiya mpata woti mawa ivomera. Yawonongeka asungireni chipangizo chimene mwachiyesa pa kompyuta ina n'kukananso. Yawonongedwa ndi nkhani inanso, chifukwa -dw- akuloza chala kwa munthu kapena chinthu chimene chachita zimenezo, monga mphezi yodzera pa waya wa telefoni. Musamuuze mwini kompyuta kuti modemu yake yawonongedwa ngati simunakonzeke kumuuza woiwononga.

"Modemu ziwiri kapena mamodemu awiri? Nanga tilembe sikuyankha kapena siikuyankha?"

Zonse ziwiri zoyambazo n'zololeka. Modemu inalowa m'gulu la mayina ngati nyumba ndi kompyuta: modemu yanga, modemu zanga. Koma mawu obwereka amakondanso ma- pochulukitsa, monga makompyuta, ndiye mamodemu awiri palibe vuto. Cholakwa n'kusakaniza: "mamodemu ziwiri" kapena "modemu awiri". Mukayamba ndi ma-, mawu onse otsatira amvere ma-. Pa zilembo zachidule ngati IRQ ndimalekanitsa, ma IRQ, kuti diso lisavutike.

Pa kukana, siikuyankha ndiyo yathunthu, si- wokana ndi i- woimira modemu. Pakamwa ma i awiriwa amamezana n'kumveka ngati amodzi. M'kabuku ka malangizo lembani onse awiri.

Pali dzina lina limene simunafunse koma mukumana nalo: dalaivala. Tikati dalaivala wa basi tikunena munthu. Kapulogalamu koyendetsa chipangizo anthu amati dalaivala ya modemu, ndipo ya ameneyo musamukonze kuti akhale wa. Iye ndi amene akuuza wowerenga kuti apa palibe munthu. Mamodemu aja otchedwa Winmodem, amene ntchito yambiri ankaisiyira purosesa, popanda dalaivala yake sagwira n'komwe, ndiye dzinali mulilemba kangapo.

"Mauthenga amene kompyuta imaonetsa, monga NO DIALTONE, ndiwamasulire m'Chichewa?"

Ayi, asiyeni mmene alili, chifukwa wophunzira akawasaka pa sikirini ndi maso ake. Mukawamasulira, sakawazindikira akatuluka. Ntchito ya Chichewa ndi kufotokoza tanthauzo la uthengawo ndi kuusiyanitsa ndi unzake. Mawu akuti "modemu siikugwira ntchito" akubisa matenda osachepera anayi, ndipo aliwonse ali ndi mneni wake.

Siikupezeka: mukatsegula Device Manager, mndandanda wa zipangizo wa mu Windows, siikuoneka, kapena ili ndi kachizindikiro kachikasu ka mfuwu. Mukalowa pa Resources, Windows imakutchulirani chipangizo chimene ikulimbirana nacho. Siikuyankha: ikuoneka, koma mukatsegula pulogalamu yolemberamo malamulo opita kwa modemu yotchedwa HyperTerminal n'kulemba AT, siibweza OK. Malamulo a AT amenewa anayamba ndi modemu ya Hayes mu 1981, ndipo pafupifupi mamodemu onse oimba nambala amawamva, choncho modemu yokhala chete pamenepo ndiye kuti mawu anu sakuifika kapena yankho lake likutayika panjira. Apa ndi pamene IRQ ndi adiresi zimaganiziridwa. Siikumva layini: yayankha OK, koma mukaiuza kuimba ndi ATDT ikubweza NO DIALTONE, kapena Windows ikupereka nambala ya vuto 680. Zikatero siyani za IRQ, yang'anani waya, mwina mwautsomeka pa bowo la Phone m'malo mwa la Line. Imaduka: yalumikiza ndithu, kenako NO CARRIER. Izi kawirikawiri n'za layini yaphokoso kapena munthu wonyamula telefoni m'chipinda china.

Pali nambala ina, 633, yonena kuti poti ili m'manja mwa wina. Nthawi zambiri wogwirayo ndi pulogalamu, monga ya fakisi, yomwe inatsegula poti n'kusaitseka. Pamenepa musalembe kuti zikulimbirana, lembani kuti poti yagwiridwa kale. Kulimbirana kwa zipangizo kumathetsedwa posintha manambala, kugwiridwa kwa poti kumathetsedwa potseka pulogalamu.

Mwina mwaona kuti ndikulemba kuimba pomwe ena amalemba kuyimba. Zonse zimapezeka m'mabuku. Sankhani kumodzi mukhale nako mpaka tsamba lomaliza. Ndipo pa modemu mneniyu amakwana pawiri, chifukwa imaimba nambala kenako n'kuimbanso kanyimbo kake kolira kaja pogwirana chanza ndi inzake.

"Mu Device Manager muli Remove ndi Disable. Ine zonse ndimati kuchotsa. N'kulakwa?"

N'kulakwa kumene kumatayitsa nthawi. Mukachotsa chipangizo mu Windows chikadali chotsomeka pa bolodi, kompyuta ikayakanso kawirikawiri imachipeza n'kuchibwezera, nthawi zambiri pa nambala yomwe ija. Ndi mmene Plug and Play imagwirira ntchito kuyambira pa Windows 95. Mukachiletsa, chimakhalapo koma sichigwiritsidwa ntchito. Ndiye pali aneni atatu osafunika kubwerekana: kuchotsa m'ndandanda wa Windows, kuletsa mu Windows kapena mu BIOS (kapulogalamu ka pa bolodi lalikulu kamene mumalowamo poyatsa kompyuta), ndi kuzula khadi ndi manja. Poti ya pa bolodi lalikulu singazulidwe, ndipo kuti isiyiretu IRQ ndi adiresi yake, malo odalirika oiletsera ndi mu BIOS.

Popeza ambiri mukulemba malangizo, nayi ndime imene ndingalembe ine kwa munthu amene mausi yake ili pa COM1 ndipo modemu ya ISA ili pa COM3:

"Zimitsani kompyuta, muzule pulagi. Musanagwire khadi, khudzani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi atuluke. Zulani modemu, musunthe majampa ake (timapulagi ting'onoting'ono tosankhira manambala) kuti ikhale pa COM2, IRQ 3, motsatira chithunzi cha pa khadipo kapena m'kabuku kake. Itsomekeninso. Poyatsa lowani mu BIOS, mukaletse poti yachiwiri ya pa bolodi. Windows ikatseguka, chotsani modemu yakale ya pa COM3 m'ndandanda, muiikenso pa COM2. Lembani AT mu HyperTerminal uku mukugwedeza mausi."

Taonani mmene aneni akuyendera. Lamulo loyamba m'chiganizo limathera ndi -ni, lotsatira limayamba ndi mu- n'kuthera ndi -e: zimitsani, muzule, zulani, musunthe. Mukandandalika -ni yekhayekha, zimitsani, zulani, khudzani, sunthani, zimamveka ngati kukalipa, komanso sizionetsa kuti ntchito ziwiri n'zolumikizana. Mu mukaletse muli -ka- wonena kuti ntchitoyo ikachitikira kumene mwalowako. Ndipo musana- ayenera kubwera kumayambiriro kwa chiganizo chake. Wophunzira amachita zinthu uku akuwerenga. Mukalemba kuti "gwirani khadi mutakhudza chitsulo", chiganizocho n'cholondola, koma iye afika pa mutakhudza khadi lili kale m'manja.

Ngati modemu ndi ya PCI, mtundu wa makhadi umene unabwera pambuyo pa ISA, ndime ya majampa ija ichotseni. Makhadi a PCI alibe majampa a IRQ ndipo anapangidwa kuti azitha kugawana nambala imodzi, ndiye mukaona awiri pa IRQ 11 popanda kachizindikiro kachikasu, mawu oyenera ndi akugawana, osati akulimbirana. Akavutabe, lembani kuti wophunzira asamutsire khadi pa silote ina, ndiponso aone mu BIOS ngati IRQ ya khadi lakale la ISA yasungidwa padera, pa mzere umene ma BIOS ambiri amaulemba kuti Legacy ISA.