Mafunso a Awerengi: Kodi phiri lingalowe m'malo mwa labotale?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa Biology ndi Geography pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza, kutali ndi msewu wa tala. Labotale tilibe, mabuku ndi operewera, ndipo za utoto ndi mapepala ojambulira sitizitchula n'komwe. Ndakhala ndikulingalira zomapita ndi ophunzira a Fomu 3 kuphiri ndi kudambo kuti azikajambula ndi kulemba zimene akuona, koma makolo ena akuti kumeneko n'kusewera, ndipo aphunzitsi aakulu akuda nkhawa ndi mayeso a MSCE. Kodi ndipitirize? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Pitirizani, aphunzitsi, koma musanatuluke pakhomo la kalasi mukhale mutasankha mutu wa m'silabasi umene ulendowo ukukaphunzitsa, ndipo muulembe mu sikimu yanu (ndondomeko ya zimene muphunzitse pa teremu) kuti aphunzitsi aakulu auone. Nkhawa yawo ili ndi maziko, pakuti ulendo wopanda funso lofuna kuyankha umasandukadi kokayenda, ana n'kubwerako ndi masuku m'matumba koma m'makope mulibe kanthu.

Tengani mutu wa kufala kwa mbewu za zomera. M'buku muli zithunzi chabe, pamene kunja kwa mpanda wa sukulu kuli zinthu zenizeni. Njere za chisoso zimakanirira ku masokosi a mwana amene wadutsa m'munda, zikhokhombe za mombo zimaphulika dzuwa likatentha n'kumwaza njere patali, chipatso cha mlombwa chili ndi phiko lozungulira lomwe mphepo imanyamula, ndipo njere za masuku zimatayidwa paliponse pamene anthu ndi anyani adyera. Mwana aliyense atole chimodzi, achiyike pa desiki, achijambule ndi pensulo mwa kukula kwake kwenikweni, ndipo alembe mayina a zigawo zake. Mudzaona kuti amene anayamba n'kujambula chipatso cha mlombwa ngati bwalo wamba adzafufuta, chifukwa poyang'anitsitsa adzapeza kuti pakati pali minga ndipo m'mbali mwake ndi mopindikapindika. Apa ndi pamene luso la zojambula ndi sayansi zimakumana, ndipo makolo muwauze mosabisa kuti pa mayeso a pulakitiko a Biology ophunzira amafunsidwa kujambula chinthu chimene apatsidwa ndi kutchula zigawo zake.

Ngati pafupi pali mtengo wa nsangu, auzeni ophunzira kuti aziujambula kamodzi pamwezi kwa chaka chonse. Mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina yonse ikuphuka, n'kudzabiriwira m'chilimwe, ndipo n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake. Mwana amene wadzipezera yekha zimenezi m'zojambula zake khumi ndi ziwiri sadzafunikanso kuloweza. Pa Geography, botolo lapulasitiki losapindika m'mbali, lodulidwa pamwamba ndi kumatidwa rula, limakwanira kuyezera mvula tsiku ndi tsiku, ndipo chigwembe chilichonse chimene chikudya munda chingayezedwe ndi chingwe mvula isanayambe ndi itatha.

Komabe inu a ku Dedza muli ndi chuma chimene sukulu za m'tauni zilibe. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pa matanthwe, ndipo bungwe la UNESCO, lomwe limaona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe pansi pa United Nations, linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Odziwika kwambiri mwa malowa ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi timabwalo, zimagwirizanitsidwa ndi Akafula amene ankakhala mosaka nyama, pamene zoyera zinapakidwa ndi dothi loyera ndi alimi, makolo a Achewa, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali komanso Nyau. N'zomvetsa chisoni kuti mlendo amakwera ndege kudzaona zimenezi, pamene mwana wobadwira m'tsinde mwa phirilo amatha kumaliza Fomu 4 asanafikeko. Ophunzira akaona kuti ojambula akalewo analibe sitolo yogulako utoto, dandaulo lanu la zipangizo lidzachepa, pakuti katondo wosinja ndi kusefa amapereka mtundu wofiira, makala amapereka wakuda, dothi loyera kapena phulusa limapereka woyera, ndipo phala lamadzimadzi la chinangwa limathandiza kuti utotowo ugwire pa katoni kapena pa thumba la simenti.

Pano mpofunika kusamala kwambiri. Asagwire zojambulazo, asazithire madzi pofuna kuti zioneke bwino, ndipo asalembe mayina awo pa thanthwe ndi choko kapena makala, chifukwa zinthu zoterezi zawononga kale malo ena. Pitani kwa amfumu musanapite kuphiri, ndipo mutsagane ndi munthu wamkulu wa m'mudzimo kapena wolondera malowo. Matanthauzo ena a zojambula zoyera ndi a kumwambo, choncho musakakamize mtsikana amene anavinidwa kapena mnyamata amene analowa Gule kuti afotokoze pagulu zimene analangizidwa kusunga. Chimodzimodzinso ku manda, kumene kawirikawiri kwatsala mitengo ikuluikulu yachilengedwe ya m'mudzi: ana aijambulire chapatali, osalowamo. Konzani maulendo kunja kusanayambe kugwa mvula yodzaza mitsinje, ndipo muziweruka msanga poganizira atsikana ochokera kutali.

Pomaliza teremu, pachikani zojambula ndi ndakatulo za ana m'kalasi tsiku la msonkhano wa makolo, dzina la mtengo uliwonse litalembedwa m'Chichewa ndi m'chisayansi, pamodzi ndi dzina la mudzi wa agogo amene anafotokoza ntchito yake. Ngati mukufuna thandizo lina, lembetsani kalabu ya zachilengedwe ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 kuno ku Chembe, ndipo akaweruka amangokhalira kujambula nsomba m'kope. Kodi zimenezi zingamupindulire kanthu? Mayi, Mangochi.

YANKHO: Mayi, musamulande kopelo malinga ngati ntchito ya kusukulu akuimaliza. Mudzi wanu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaizindikira mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba, kuphatikizapo mbuna za m'miyala zomwe zilipo mitundu mazanamazana ndipo zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Kusiyanitsa mitunduyi kumadalira diso loona mawanga, mizere ndi kapangidwe ka kamwa, ndipo diso limeneli mwana wanu akulinola kale. Muuzeni kuti pansi pa chojambula chilichonse azilemba dzina limene asodzi amaitchula nsombayo, tsiku, ndi doko limene anaionera, kenako akawaonetse aphunzitsi ake a Biology.