Funsani Adokotala: Chigongono cha Mwana, Bondo la Wampira ndi Nyamakazi ya Amayi

Mango akangoyamba kupsa, makalata ofunsa za mafupa amachuluka patebulo panga, ndipo chaka chino sizinasinthe. Ndasankhapo anayi, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a olemba ndawasunga.

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 anagwa mumtengo wa mango n'kufikira dzanja, ndipo chigongono chinatupa nthawi yomweyo. Agogo ake anapita naye kwa bambo wina wa m'mudzi mwathu amene amadziwika ndi kulumikiza mafupa. Bamboyo anamutema mphini, anamanga mkonowo ndi timitengo ta nsungwi ndi chingwe cha mphira, n'kutiuza kuti tisamasule mpaka patatha milungu iwiri. Koma usiku mwanayo sakugona, akungolira kuti mkono ukutentha, ndipo zala zatupa. Kodi tidikiredi? Mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, uthenga wanu utangofika ndinakuyankhani tsiku lomwelo kuti mumasule chingwecho n'kuthamangira naye kuchipatala. Pano ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, popeza nkhani ngati yanuyi ili m'makomo ambiri nyengo ino.

Mwana wamsinkhu umenewu akagwa n'kutsogoza dzanja, kawirikawiri limathyoka ndi fupa la kumtunda kwa mkono, pamwamba pang'ono pa chigongono, chifukwa pamalopo fupalo ndi lopyapyala. Kuthyokako pakokha sikundidetsa nkhawa kwambiri, pakuti mafupa a ana sachedwa kugwirana. Chimene chimandiopsa n'chakuti kutsogolo kwa fupalo kumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi kudzanja, pamodzi ndi mitsempha imene imachititsa kuti zala zizimva ndi kugwedezeka. Fupa lothyoka lingathe kuipanikiza kapena kuibaya, ndipo ngakhale lisatero, mkono umatupa basi. Tsono mkono wotupa ukamangidwa zolimba, minofu imasowa kofufumira, magazi amaleka kulowamo, ndipo pakangotha maola ngati 6 minofuyo imayamba kufa. Mnofu ukafa umauma n'kukhwinyata, n'kukoka zala kuti zipindike ngati zikhadabo za kabawi, ndipo dzanjalo limakhala lotero moyo wonse. Ana ena amafika kuchipatala mkono utada kale, moti chotsala chimangokhala kuudula.

Kholo lililonse lingathe kuyeza lokha pakhomo. Gwirani chala chimodzi cha mwanayo n'kuchiwongola pang'onopang'ono. Akakuwa ndi ululu umene ukumvekera m'mkono monse, dziwani kuti minofu ili pamavuto. Dinikizaninso chikhadabo mpaka chiyere, kenako chitayeni: chiyenera kubwerera mtundu wake m'masekondi awiri. Chikachedwa, kapena zala zikazizira, kapena mwana akamanena kuti zachita dzanzi, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche. Kolekani mkonowo pachitenje chomangirira m'khosi, musayese kuuwongola, ndipo musamudyetse panjira, chifukwa ngati angafunike kulowa kufiyeta, m'mimba muyenera kukhala mopanda chakudya.

Sindikufuna kunyoza agogo ake, chifukwa anachita zimene anaona zikugwira ntchito kwa ena. Zoona zake n'zakuti mafupa ambiri othyoka amagwirana okha akangosiyidwa osagwedezeka, ndipo mbiri ya olumikiza mafupa a m'midzi imachokera pamenepo. Koma maso awo saona mkati, choncho sangasiyanitse fupa limene langochita mng'alu ndi limene lasuntha n'kutsamira mtsempha. Kuchipatala amayamba ajambula X-ray. Fupa likakhala kuti silinasunthe, mwana amaikidwa chikhakha kwa milungu itatu kapena inayi. Likakhala kuti lasuntha, amamugoneka tulo n'kulibwezera m'malo, ndipo nthawi zambiri amaligwiriziza ndi timawaya timene amadzatizula pakatha milungu yochepa. Musabise za mphinizo, chifukwa mabala otere amalowetsa tizilombo, kuphatikizapo toyambitsa kafumbata.

Simufunikanso kuyamba mwafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira oona za mafupa, ndipo ndiwo amagwira ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Zikawakulira, iwo amatumiza wodwala ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, kumene tsopano kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, kapena Beit CURE ku Blantyre, chimene chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuchokera mu 2002.

FUNSO: Adokotala, ndili ndi zaka 22 ndipo ndimasewera mpira wamiyendo m'timu ya m'dera lathu. Miyezi inayi yapitayo, pa bonanza, ndinatembenuka mwadzidzidzi phazi litakanirira pansi, popanda wondigunda, ndipo ndinamva kuti "thoo" mkati mwa bondo. Pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu. Kuchipatala anandijambula n'kunena kuti fupa silinathyoke. Panopa ndimayenda bwinobwino, koma ndikati ndikhote mothamanga, bondo limafooka ngati likuchoka m'malo. Anzanga akuti ndizingomwa Brufen ndisanalowe m'bwalo. Mnyamata wa ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, sindingatsimikize ndisanaligwire bondolo, koma zonse mwafotokozazi, kutembenuka popanda wokugundani, kulira kwa bondo, kutupa m'maola ochepa ndi kufooka pokhota, zikuloza kumodzi. Mkati mwa bondo muli zingwe ziwiri zolimba zopingasana, ndipo chakutsogolo, chimene madokotala amachitcha ACL, ndicho chimaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo kapena kupotoka. N'kutheka kwambiri kuti chingwe chimenechi chinaduka. Amene anakujambulani sanalakwe ponena kuti fupa lili bwino, kungoti X-ray imaonetsa mafupa okha. Zingwe zimaoneka pa makina a MRI, ngakhale kuti dokotala wozolowera amatha kudziwa ndi manja, popinda bondo pang'ono n'kukokera msongolo kutsogolo kuti amve ngati pali chouletsa.

Chingwechi chikaduka chonse, kawirikawiri sichilumikizana chokha. Munthu amene ntchito yake ndi kuyenda molunjika kapena kupalasa njinga angathe kukhala bwino popanda opaleshoni, malinga achite mafizo mwakhama mpaka minofu ya ntchafu, yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe, italimba mokwanira kugwira bondolo. Koma mpira ndi masewero okhota ndi kudumpha, ndipo amene akufuna kubwereramo nthawi zambiri amafunika opaleshoni yoika chingwe chatsopano, chimene amachitenga pa mwendo wa munthu yemweyo. Pambuyo pake pamafunika miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo asanalowenso m'bwalo, ndipo osewera a m'matimu olemera a ku Ulaya nawonso amadikira miyezi yambiri.

Malangizo a anzanuwo ndikuwakana. Brufen amangotseka pakamwa ululu, koma bondo limakhalabe logwedera, ndipo nthawi iliyonse likafooka, mafupa amapera timapilo tiwiri timene timakhala pakati pawo. Timapiloti tikang'ambika, bondo limayamba kumakanirira osawongoka, ndipo nyamakazi imene ikanadzabwera muukalamba imakupezani mukadali ndi ana aang'ono. Lekezani kaye mpira, pitani kwa a mafupa ndi a mafizo, ndipo chisankho cha opaleshoni mukachipange nawo limodzi.

Ndiwonjezepo mawu kwa aphunzitsi a matimu, makamaka a ntchemberembaye, chifukwa atsikana amaduka chingwechi kawirikawiri kuposa anyamata. Pali ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20 zokha, imene imaphunzitsa wosewera kutera maondo atapinda ndiponso osagwera mkati. Siifuna zipangizo zodula ndipo ingachitike ngakhale pabwalo lafumbi.

FUNSO: Adokotala, mayi anga a zaka 68 akuvutika ndi maondo, makamaka podzuka pamphasa ndi potsika chitunda. Kwa chaka tsopano akumwa Indocid tsiku lililonse, wogula pagolosale, ndipo ululu ukakula amawonjezera diclofenac. Kodi pali mankhwala ochiziratu nyamakazi? Bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, ndiyambe ndi mankhwalawo, chifukwa akundidetsa nkhawa kuposa maondo. Indocid, diclofenac ndi Brufen ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza kumawonjezera kuopsa osati mphamvu. Akamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka ndi munthu wachikulire, amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndiponso amawononga impso mwakachetechete. Apititseni amayi kukayezetsa BP ndi impso, ndipo ngati chimbudzi chawo chikuda ngati phula kapena akusanza magazi, pitani nawo tsiku lomwelo. Panado ndi wofatsirapo, bola asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg patsiku, ndipo wothupi laling'ono achepetse. Diclofenac wopaka pabondo savutitsa m'mimba ngati wakumwa.

Nyamakazi ya ukalamba imabwera pamene kanthu koyera koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa, kaja timakatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku, kaperepeseka. Palibe piritsi kapena mtsitsi umene umakabwezeretsa, ndipo amene akukuuzani kuti alipo akufuna ndalama zanu. Chimene chimachepetsadi ululu ndi kulimbitsa ntchafu. Amayi akhale pampando, awongole mwendo, awerenge mpaka 10, autsitse pang'onopang'ono, ndipo abwereze kakhumi mwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Asaleke kuyenda, pakuti bondo longokhala limauma. Apezereni mpando m'malo mwa mphasa, akonzereni pokhalira pokwera m'chimbudzi kuti asamanyonyomale, ndipo ndodo aziigwira kudzanja la mbali imene sikupweteka, osati la mbali yodwala monga ambiri amachitira. Ngati ali onenepa, kilogalamu imodzi imene angachepetse imachotsa katundu wokwana ngati makilogalamu anayi pabondo nthawi iliyonse akaponda. Koma bondo likadzatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha, iwonso thupi litatentha, imeneyo si nyamakazi wamba: mwina mwalowa mafinya, ndipo mafinya amadya bondo m'masiku ochepa.

FUNSO: Adokotala, ndinagwa pa kabaza ndipo ndili ndi chikhakha kumwendo. Mkati mukuyabwa kwambiri moti ndimalowetsamo sipoko ya njinga kuti ndikande. Kodi pali vuto? Mtsikana wa ku Mzuzu.

YANKHO: Achemwali, sipokoyo itayeni. Khungu la mkati mwa chikhakha limafewa, ndipo kachilonda kamene simungakaone kangathe kuola mpaka tsiku lochotsa. Mukamva kuyabwa, gogodani pang'ono pamwamba pa chikhakhacho kapena pemererani mphepo yozizira m'mphepete mwake. Posamba chikutireni ndi pepala la pulasitiki, ndipo pogona ikani mwendowo papilo kuti ukwere kuposa chifuwa. Mukamva fungo loipa, kapena mukaona banga lonyowa likutulukira pamwamba, kapena zala zakuphazi zikatupa n'kuchita dzanzi, bwererani kumene anakuikani chikhakhacho osadikira tsiku limene analemba m'buku lanu la kuchipatala.