Kwa adokotala amene akufuna kuphunzira za matenda obwera ndi ntchito

Adokotala, mwafunsa ngati ukatswiri wa matenda obwera ndi ntchito komanso malo amene anthu amakhala umangothera pa kusainira makalata oti munthu ali bwino kuyamba ntchito, ndiponso kafukufuku amene mungachite. Makalatawo alipodi, ndipo amatopetsa, koma ndi kambali kakang'ono chabe. Ntchito yeniyeni ndi kudziwa chimene wodwala amapuma, amagwira kapena kumva maola 8 tsiku ndi tsiku, n'kuchiyeza.

Kaphunziridwe kamasiyana malinga ndi dziko. Ku America, mukatha chaka chimodzi m'chipatala mumaphunzira zaka ziwiri, ndipo m'katimo mumatenga digiri ya MPH (digiri ya masters ya zaumoyo wa anthu onse). Ku Britain, bungwe la Faculty of Occupational Medicine, lomwe linayamba mu 1978, lili ndi dipuloma ya madokotala ochita ntchitoyi mwa apo ndi apo, pamene ofuna ukatswiri wathunthu amaphunzira zaka zinayi. Ku South Africa kuli dipuloma ya zaka ziwiri yophunzira muli pantchito, komanso MMed (digiri ya ukatswiri wa udokotala) ya zaka zinayi. Maphunziro ake ndi ofanana kulikonse: epidemiology (kafalidwe ka matenda pakati pa anthu), toxicology (mmene poizoni amaonongera thupi), kayezedwe ka fumbi, phokoso ndi mankhwala, ndi malamulo a chipukutamisozi. Posankha sukulu, funsani kuti ophunzira amalowa kangati m'mafakitale ndi m'migodi. Sukulu yongokhazika anthu m'kalasi ipeweni.

Luso loyamba ndi kufunsa. Mu 1700, Bernardino Ramazzini wa ku Italy analangiza madokotala kuti azifunsa wodwala ntchito imene amagwira. Funsolo n'loyambira chabe, chifukwa dzina la ntchito limabisa zambiri. Munthu akati ndi dalaivala, mwina amayendetsa galimoto m'malo ophwanyira miyala mawindo ali otsegula. Muuzeni afotokoze tsiku lake kuyambira polowa mpaka poweruka, ndipo mulembe ntchito zonse kuyambira yoyamba, ndi zaka zake. Silicosis, matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala, kawirikawiri imaoneka patapita zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo khansa ya mesothelioma, yobwera ndi fumbi la asbestos, imatha kudikira zaka 30 kapena 40. Musaiwale mafunso awiri: kodi mumapezako bwino mukakhala patchuthi, nanga anzanu a kuntchito alipo amene akudwala chonchi?

Pa zoyeza m'pamene madokotala ambiri amapunthwa. Tengani phokoso. Malire amene akatswiri ambiri amatsatira ndi 85 dBA (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi 3 dB nthawi imatsika ndi theka: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2. Makutu oonongeka ndi phokoso amayamba kulephera kumva mawu okwera a 4000 Hz, mwini wake asanazindikire kanthu. Koma mukamuyeza atangoweruka, mupeza kugontha kwa kanthawi komwe mawa kulibe. Poyeza koyamba, akhale kutali ndi phokoso maola osachepera 14.

Kwa opopera mankhwala ophera tizilombo a organophosphate, cholinesterase ya m'magazi (enzyme imene mankhwalawa amaitsitsa) imasiyana kwambiri munthu ndi munthu, choncho nambala imodzi siikuuzani kanthu. Muyeze asanayambe kupopera, atakhala masiku 30 osakhudza mankhwalawo, kawiri ngati n'kotheka, ndipo musasinthe labotale. Lamulo la ku California limachotsa munthu pa ntchito yopopera ngati ya m'maselo ofiira yatsika ndi 30 peresenti, kapena ya mu plasma (madzi a m'magazi) ndi 40 peresenti. Popanda muyezo woyambawo, cholinesterase ya munthu ikhoza kutsika kwambiri koma pepala n'kumanenabe kuti ali bwino.

Mphumu ya kuntchito siigwidwa ndi spirometry (kuyeza kapumidwe ka mapapo) ya tsiku limodzi. Mupatseni wodwala kachipangizo ka peak flow koyeza mphamvu yotulutsira mpweya, aziuzira kanayi patsiku kapena kuposa, kwa milungu inayi yophatikiza masiku a ntchito ndi opuma. Za silicosis, phunzirani kuwerenga zithunzi za pachifuwa pozifananiza ndi zithunzi za muyezo za ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse. Matendawa amaoneka ngati TB, komanso amachulukitsa pafupifupi katatu mpata wodwala TB, ndiye kupeza imodzi sikutanthauza kuti inayo palibe.

Tsopano kafukufuku. Msampha waukulu ndi umene amautcha healthy worker effect. Mukalowa m'fakitale n'kuyeza amene mwawapeza, mwayeza olimba okhaokha. Amene fumbi linawagonjetsa anasiya kale ntchito, ena anamwalira. Zotsatira zake zioneka ngati ntchitoyo ilibe vuto, mwinanso ngati imalimbitsa thupi! Njira yake ndi kufunafuna amene anachoka kudzera m'mabuku a kampani, komanso kufananiza opuma fumbi lambiri ndi opuma lochepa m'malo omwewo, m'malo mowafananiza ndi anthu wamba. Za kusuta fodya funsani aliyense, ndi zaka zimene wasuta.

Msampha wachiwiri ndi kuyeza mwaulesi chimene chimapweteka antchito, monga fumbi. Makina oikidwa pakona pa chipinda sauza zimene wantchito akupuma. Kapampu kokoka mpweya kamangidwe palamba wake, kasefa kakhale pakolala pafupi ndi mphuno, kuyambira polowa mpaka poweruka. Liwiro la mpweya wa kapampuko liyezedwe musanayambe ndi pomaliza, ndipo zikasiyana kuposa 5 peresenti muyezowo utayidwe. Yezani anthu angapo masiku angapo, popeza fumbi la lero silifanana ndi la mawa, ndipo tsiku limene abwana adziwa kuti kubwera alendo pansi pamathiridwa madzi.

Musaderere kafukufuku wochokera pa odwala ochepa. Mu 1960, Wagner, Sleggs ndi Marchand anafotokoza odwala 33 a mesothelioma ku South Africa, ndipo 32 mwa iwo anali atakumanapo ndi asbestos wabuluu. Ena sanagwirepo ntchito mumgodi, ankangokhala pafupi ndi migodiyo. N'chifukwa chake ukatswiriwu umaphatikiza ntchito ndi malo okhala: fumbi siliima pageti. Kwa MMed kapena MPH, sankhani chopweteka chimodzi, matenda amodzi ndi gulu limodzi la antchito limene mungathe kulipeza lonse.

Musanayeze munthu ngakhale mmodzi, gwirizanani ndi kampani polemba kuti abwana adzangouzidwa ngati munthu angagwire ntchitoyo, sangagwire, kapena angagwire mosintha zina. Dzina la matenda likhale pakati pa inu ndi wodwala, ndipo lipoti la kafukufuku lipereke zotsatira za gulu lonse popanda mayina. Antchito akakayikira kuti kuyezedwa kuwachotsetsa ntchito, odwala kwambiri ndi amene sabwera tsiku loyeza.