Musawalande pepala amayi aja

Adzukulu anga, sabata ino mafunso abwera awiri koma ndikawayang'ana bwino nkhani yake ndi imodzi, nde ndiyankha pamodzi, wina asakwiye kuti agogo andisakaniza ndi munthu wosamudziwa.

Woyamba ndi mnyamata wa ku Kasenengwa, anamaliza giledi 12 nkupitako ku koleji chaka chimodzi ndalama zisanathe. Kwao kuli kabungwe komenyera alimi ang'onoang'ono ndi ana aakazi, kaja kotsata nkhani za feteleza, za CDF (ndalama za Boma za chitukuko cha m'konsitichuwense) ndi za kukwatitsa ana. Pa chisankho iye anaima nawo, koma anthu anapereka mpando kwa mayi wina amene wayamba kugwira bolopeni zaka ziwiri zapitazi ku shibukeni, sukulu ya akulu yophunzitsa kulemba ndi kuwerenga. Akuti, "agogo, mayiwo akamawerenga amachita kuloza ndi chala liu limodzilimodzi, tsiku lina pamaso pa anthu a ku Boma ndinangowalanda pepala nkuwerenga ine kuti tisachite manyazi, manje sandiyankha bwino moni, kodi ndinalakwa?" Wachiwiri ndi mtsikana wa ku Mchini konkuno ku Chipata, amai ake nawonso ndi a sukulu ya akulu ndipo awasankha kukhala msungichuma wa gulu la amai, atate ake akunyinyirika kuti mkazi wayamba kuyendayenda m'mamiting'i, iye ali pakati sadziwa aime kuti.

Ndiyambe ndi iwe wa ku Kasenengwa. Unalakwa mdzukulu wanga, sindikubisira ai.

Ine ndinabadwa tauni ino ikali Fort Jameson. Alongo anga anapita kusukulu, ine ndinatsala kusinja ndi kulera ana a eni, palibe amene anaona ngati ncholakwa masiku amenewo. Nditakwatiwa amuna anga anapita kukasewenza ku migodi, kalata ikabwera ndinali kuinyamula kupita nayo kwa kamwana ka oyandikana nawo kuti kandiwerengere, ndiye ganiza, zonse za m'nyumba mwanga kamwana kaja kanali kuzidziwa ine ndisanazimve, mawa lake pachitsime aliyense akudziwa kuti anditumizira zingati. Ndinayamba kuphunzira ndili ndi adzukulu kale, masana tikachoka kumunda, m'chalichi pa mabenchi, aticha athu anali msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Tsiku limene ndinalemba dzina langa ndekha osadinda chala ndinafika kunyumba osadya nsima, chimwemwe chokha chinandikhutitsa. Patapita nthawi amai anzanga anandiika kukhala mlembi wa gulu lathu, ndipo pa miting'i ina ndikuwerenga pang'onopang'ono monga mwa nzeru zanga, bambo wina wa tayi anatambasula dzanja nkunditengera pepala, akumwetulira, ati tithandizane amai nthawi yatha. Mwana wanga, zinali ngati wandivula chitenge pakati pa Saturday Market. Zaka zapita zambirimbiri, nkhope yake ndinaiwala koma dzanja lija ndimalionabe.

Nde mayi aja sakukuyankha moni chifukwa cha chimenecho. Iwe unaona manyazi a bungwe, iwo anaona kuti zaka ziwiri za kupirira kusekedwa ndi ana asukulu panjira zathera pa mphindi imodzi.

Tsono funsa mtima wako kuti anthu anawasankhiranji iwo nkukusiya iwe wa satifiketi. Anthu akumudzi si opusa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene analipirapo K400 yake ya FISP, pulogalamu ya Boma ya feteleza wotsika mtengo, ku kopaletivu, nkudinda chala pa pepala losaliwerenga, nkulandira matumba osakwanira osadziwa kuti papepala panalembedwa angati, ameneyo akaphunzira kuwerenga manambala sagona tulo, amafunsa mpaka wina atuluke thukuta. Ine zinandichitikirapo, ndipo chinthu choyamba chimene ndinapempha aticha nditadziwa dzina langa ndi manambala. Ndiponso taganiza nkhani ya kamtsikana ka zaka 15 kamene akufuna kukakwatitsa. Iwe mnyamata wosakwatira ungalowe m'nyumba ya eni nkuyamba kukamba za chinamwali ndi ankhoswe? Akutulutsa ndi mau okha. Koma mayi wamkulu amalowa, amakhala pamphasa, amayamba ndi za maliro a chaka chatha ndi za mvula, kenaka ndi pomwe amafika pa nkhani, ndipo lero poti akudziwa kuwerenga akhoza kunena osanjenjemera kuti kuyambira 2023 lamulo la Zambia likuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 si ukwati, olo ukhale wa mwambo, komanso kuti mwana wotenga mimba ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, zimenezo zinayamba kale mu 1997. Mau omwewo akatuluka pakamwa pako amamveka ngati mwano, akatuluka pakamwa pao amamveka ngati malangizo.

Pamwambo pathu utsogoleri sunayambe wafunsapo satifiketi. Kwa ife Achewa mfumu ikamwalira ndi ntchembere za mbumba zomwe zimakhala pansi nkuloza woyenera kulowa, anamkungwi nawo amasunga mwambo wonse m'mutu. Ndipo mfumu iliyonse ili ndi nduna zake ndi mlembi wake, ena mwa iwo ophunzira kuposa mfumuyo kutalitali, koma unaonapo nduna ikukankha mfumu pa mpando ati ndikambe ine poti ndidziwa Chizungu? Pita ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti kapena ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale ukaone mmene anthu a madigiri amakhalira pansi.

Komanso tiyeni tikambe chilungamo. Kuyambira 2016 malamulo a dziko amati wofuna kuima pa ukansala kapena pa u MP akhale ndi satifiketi ya giledi 12. Chitseko chimenecho kwa iwe nchotsekula, zaka zisanu zilizonse chisankho chimabwera, kwa mayi aja nchotseka mwina mpaka imfa. Chatsala kwa iwo ndi timipando iti ta m'mabungwe, m'makopaletivu, m'makomiti a pasukulu ndi pachitsime. Ndiye nako komweko ufuna uwapitikitse?

Sindikuti pepala lilibe nchito, ai ndithu, ndikanatero bwenzi ndikunama. Ndalama za CDF zinali K1.6 miliyoni pa konsitichuwense, mu 2022 zinakwera kufika K25.7 miliyoni ndipo zakhala zikukwerabe, magulu a amai ndi achinyamata amapempha nawo kudzera ku WDC, komiti ya chitukuko ya mu wadi, koma mafomu ake ndi a Chizungu, amafuna satifiketi ya gulu, akaunti ya kubanki, bajeti yolembedwa bwino. Pamenepo ndi pomwe giledi 12 yako ikufunika ngati mchere. Nchito yako ndi iyi: kalata ikabwera upite nayo kwao dzulo lake miting'i isanachitike, mukhale pakhonde, muwerenge pamodzi, uwamasulire m'Chinyanja, mfundo zikuluzikulu uwalembere ndi zilembo zazikulu pa pepala lina kuti mawa akaimirira akhale akudziwa kale zomwe zilimo. Maminitsi a bungwe lanu muzilemba m'Chinyanja, ndani anakuuzani kuti maminitsi ndi a Chizungu chabe? Anthu a ku Boma ambiri Chinyanja amachimva bwinobwino, pa Breeze FM ndi pa Radio Maria amakamba chomwecho, ndipo wosamva apeze womasulira ndi iye, inu muli kwanu. Mayi akakakamira pa liu, iwe khala chete uwerenge mpaka khumi mumtima, akakuyang'ana okha ndi pomwe unong'oneze liu limodzi lokhalo basi. Miting'i ikachedwa ndi mphindi zisanu palibe amene amwalire, timadikira maola atatu alendo olemekezeka osadandaula.

Pali china chimene chimandinyansa, ndipo ichi si cha iwe wekha. Mabungwe ena ochokera ku Lusaka amakonda kutenga wophunzira mmodzi nkumuika mu komiti ngati duwa la patebulo. Pa 8 Seputembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, amamuveka tisheti, kumupatsa sipichi yolemba wina, kumujambula zithunzi, akatha apo zonse zokhudza ndalama amakakambirana okha ku loji. Umenewo si utsogoleri. Ngati mwawasankha mayi kukhala wapampando, siginecha yao ikhale kubanki, nkhani zokambirana pa miting'i azivomereze ndi iwo, ndipo akati iyai ikhale iyai. Mukaona kuti simungathe zimenezo kuli bwino osawasankha nkomwe kusiyana nkuwaseweretsa.

Nanunso amai anzanga a shibukeni amene mwakhala pa mipando, ndikudziwa ana anu akuwerengerani izi kapena mukuwerenga nokha pang'onopang'ono, mumve. Kudziwa kusaina nkoopsa kuposa kudinda chala, chifukwa wodinda chala anthu amamumvera chisoni koma wosaina amati anadziwa chimene akuchita. Ine ndinasainapo pa wekishopu ina pepala la alawansi pomwe malo a ndalama anali osalemba kanthu, ndinachita manyazi kufunsa poti onse anali kusaina mwamsanga, pambuyo pake tinamva kuti panalembedwa ndalama zoposa zimene tinalandira ndipo dzina langa linali pamwamba penipeni ngati mlembi. Kuyambira pomwepo pepala lililonse ndimati ndipatseni ndikagone nalo, wofulumira apite. Ndipo mpando usakuchotseni ku kalasi, ambiri akangosankhidwa amati ndafika, ayi, pitirizani mpaka muziwerenga lisiti ya kubanki ndi meseji ya pafoni nokha. Kwa anyakwawa muzipitabe kukagwada musanaitane msonkhano m'mudzi mwao, olo mutanyamula kalata ya chidindo chachikulu bwanji. Nkhani ya mwana yambani ndi atsibweni ake ndi amfumu, ikakanika kapena ngati mwana wapwetekedwa musazengereze, ku polisi kuli a Victim Support Unit.

Manje iwe mtsikana wa ku Mchini. Usaime pakati pa atate ako ndi amai ako ngati woweruza, si malo ako, ndipo usawayankhe atate ako ndi mau a m'mawekishopu aja a ufulu wakutiwakuti, udzangokolezera moto. Kawirikawiri bambo wotere si nsanje chabe, ndi mantha, dzulo mkazi anali kumufunsa chilichonse lero akuwerenga yekha, mwinanso iwo eni kuwerenga kumawavuta koma sanauzepo munthu. Amuna ambiri amathawa sukulu ya akulu poopa kusekedwa, m'kalasi mwathu tinali amai okhaokha kupatula madala awiri, mmodzi anali kubisa kope m'thumba la feteleza. Uwauze amai ako kuti kalata yoitanira ku miting'i aziwaonetsa atate ako, awerenge pamaso pao, anene kumene akupita ndi nthawi yobwerera, zikapitirira kuvuta aitane ankhoswe, nchito yao ndi imeneyo. Koma chimene ndikuopa ine kwambiri ndi chuma chomwe asungacho. Ndalama za gulu zisagone m'nyumba, tsiku lina kudzabwera matenda kapena lendi, atate adzati tibwerekeko tibweza pa mwezi, ndi mmene maukwati ndi magulu amathera limodzi. Zipite kubanki kapena m'bokosi la makiyi atatu losungidwa ndi anthu osiyana, ndipo PIN ya pafoni ikhale ya amai ako okha, olo iwe usaidziwe, uwaphunzitse kudina okha mpaka azolowere. Madzulo muzikhala nonse ndi kope la gulu, iwo alembe iwe ungoyang'ana ngati masamu agwirizana, bolopeni ikhale m'manja mwao.

Ndibwerere kwa mnyamata wanga. Kupepesa kwa pafoni ai, meseji ai. Upite kunyumba kwao m'mawa asanapite kudimba, uodire, ukhale pansi osati pa mpando olo akupatse, upereke moni wonse mpaka wa mbuzi ndi nkhuku. Ukatero utulutse pepala lomwe lija unawalanda, ngati unalitaya ukapemphe lina kwa mlembi, uwapatse ndi manja awiri, unene kuti amai ndinalakwa, pa miting'i ikubwerayi muwerenge ndinu kuyambira pomwe ndinakudulani. Mwina tsiku limenelo sakuyankha zambiri, angokuuza kuti zikomo wabwera, usakakamize. Ukabwerako undiuze mmene zayendera, ine ndaima pano, magalasi anga anathyoka mwendo umodzi ndamanga ndi ulusi ndipo maso ayamba kulira.