Kusinza, kugonako ndi tulo tofa nato: agogo ayankha

Mdzukulu wina wafunsa kuti: "Agogo, ndikaweruka kusukulu ndimagona masana, ndiye amayi amanditcha waulesi. Koma agogo aamuna akamasinza pakhonde palibe amene amawanena. Kodi kusinza ndi kugona si chimodzimodzi?"

Ayi mdzukulu wanga, si chimodzimodzi, ndipo Chichewa chinasiyanitsa kalekale. Tiyambe ndi mawu akuti kugona. Kugona n'kuika thupi pansi, kaya pamphasa, pamkeka kapena pabedi. Munthu atha kugona maso ali gwa, n'chifukwa chake timawonjezera kuti wagona tulo tikafuna kunena kuti sakumvanso za kunja kuno. Tuloto timatinena ngati mlendo wobwera yekha: tandigwira, tandipeza, tandithawa, tanditha m'maso. Sumva munthu akunena kuti wagwira tulo. Ndi tulo timene timagwira munthu.

Kusinza, kumene ena amati kuwodzera, ndi pamene tulo takupeza uli chikhalire, usanakonzeke. Zikope zimalemera, khosi limafooka, mutu umagwa pang'onopang'ono mpaka chibwano kugunda pachifuwa, kenako umadzidzimuka n'kuyang'ana uku ndi uku ngati palibe chachitika. Wosinza sanasankhe kugona, ndipo nthawi zambiri amakana: "Sindinagone ine, ndimangotsinzina." Kutsinzina n'kutseka maso chabe. Agogo ako akasinza pakhonde sawanena chifukwa tulo ta nkhalamba n'topepuka, usiku amadzukadzuka, tambala woyamba amawapeza ali maso, ndiye masana thupi limatenga ngongole yake. Koma wachinyamata kusinza akulu akulankhula, m'tchalitchi, m'kalasi kapena pabwalo la milandu, anthu amati n'chipongwe. Ukamva kuti tulo tayamba kukukoka pamalo otere, pempha kutuluka, ukasambe m'maso, uyendeko pang'ono n'kubwerera.

Tsono pali kugonako pang'ono, kumene ena amati kuwongolako msana. Uku ndi kwadala: munthu wabwera kumunda, wadya nsima, dzuwa lili paliwombo, wayala mphasa pamthunzi. Sikulakwa. M'mwezi wa October, kutentha kukafika pachimake, mlimi amene analawira mbandakucha ali ndi ufulu wonse wotero. Chimene chimasiyanitsa kugonako ndi ulesi ndi zinthu ziwiri, kutalika kwake ndi zimene wasiya usanachite.

Kutalika kwake kusapitirire mphindi 20 kapena 30. Tulo tili ndi masitepe. Poyamba n'topepuka, munthu akangoitanidwa amayankha. Pakadutsa pafupifupi theka la ola timayamba kuzama, ndipo wodzutsidwa ali pakati pa tulo tozamato amadzuka mutu uli wolemera, miyendo ili lende, osadziwa ngati kwacha kapena kukuda. Ndiwo aja amatuluka m'nyumba madzulo n'kupereka moni wakuti mwadzuka bwanji, ana n'kufa nacho chiseko. Ngati watopa kwambiri moti mphindi 20 sizikwana, ndi bwino kungogona ola limodzi ndi theka, poti ndi nthawi imene tulo timatenga kuti tizame n'kupepukanso. Tchera belu pafoni. Ndipo uzigonako isanakwane 3 koloko masana. Tulo ta 5 koloko timaba ta usiku: umakagona mochedwa, m'mawa umadzuka movutikira, masana tulo tikugwiranso, basi chizolowezi chakhazikika. Wamsinkhu wako amafunika maola 8 mpaka 10 usiku, wamkulu 7 mpaka 9. Ngati tsiku lililonse ukugona maola awiri kapena atatu masana, funso lili pa usiku wako, ndipo kawirikawiri wakuba ndi foni imene umalowa nayo m'bulangete.

Za ntchito ndiye n'zosavuta. Vula yunifolomu, idya, tsuka mbale, ona ngati mumtsuko muli madzi, kenako uza amayi kuti ndikugonako pang'ono, mundidzutse. Amayi ako sadana ndi tulo. Akudana ndi kupeza mbale zili mbwee, mbuzi zili m'munda mwa eni, iwe uli chagada pakati pa balaza.

Kumapeto kwenikweni kuli tulo tofa nato, tija ta munthu woti ungamunyamule ndi mphasa yomwe osamva kanthu. Apa ndi pamene ena amaliza mkonono, ena kubwebweta. Wogona chagada ndiye amaliza mkonono kwambiri, ukamutembenuza kuti agone chammbali nthawi zambiri umachepa. Khanda lokha ndilo liyenera kugonekedwa chagada, osati chafufumimba, kuopa kubanika. Munthu amene ali m'tulo totere sadzutsidwa ndi chikuwo kapena kumukoka chofunda. Muitane dzina motsitsa mawu, umugwire paphewa. Akakhala wamkulu, gwada chapatali n'kuitana kawiri katatu. Ndiponso wogona salumphidwa, ngakhale malo achepe bwanji, umazungulira.

Chenjera nawo mawu akuti kugona, poti ali ndi makomo ambiri. Mlendo akafunsa za agogo ako iwe n'kungoti "agona," mtima wake ungathe kudumpha, chifukwa mawu omwewa timazembera nawo imfa. Nena kuti akupumula, kapena agona tulo. Kunena kuti uje anagona ndi uje ndi nkhani ya m'nyumba, choncho ukakacheza kwa mnzako uziti ndinagona kwa uje. Akati wodwala ali chigonere ndiye kuti matenda amugwetsa, sakudzuka, ndipo akati amugoneka m'chipatala ndiye kuti sanabwereko tsiku lomwelo. Wofunsa kuti mwagonera chiyani sakufunsa za mphasa, akufunsa ndiwo za usiku. Akakunena kuti ndiwe wogona, ameneyo wakunyoza kuti ndiwe wosachenjera. Kugona kumaliro nakonso n'kuchezera, amuna panja pamoto, amayi m'nyumba ya siwa, ndipo wosinza kumeneko sasekedwa, amangomusuntha kuti asagwere pamoto.

Pali kusinza kwina kumene sikofunika mwambo koma changu. Dalaivala amene akuyasamula pafupipafupi, kuphethira mochedwa ndi kuiwala malo amene wangodutsa, waima pakhomo pa tulo. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita oposa 60 m'masekondi atatu, ndipo kusinza kumodzi kumakwana masekondi amenewo. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthandiza nthawi yaitali. Aime pamalo abwino, agoneko mphindi 20. Iwe wokwera usachite manyazi kumuuza, ngakhale akhale malume ako.

M'nyengo yozizira ya June ndi July, musalowetse mbaula yamakala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tokoma timene munthu sadzukanso. Ndipo munthu akamasinzasinza masana onse, usiku n'kumasowa tulo, thupi likutentha, mutu ukuwawa, makamaka ngati amakhala kapena anapita kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu kapena Vwaza kumene kuli ntchentche za kashembe, musamunene ulesi. Angakhale kaodzera, matenda amene dzina lake linachokera ku kuwodzera komweku, ndipo amachizika akapita naye kuchipatala msanga. Chimodzimodzinso mwana wotentha thupi amene akuvuta kudzutsa, kapena munthu amene wamenyetsa mutu n'kuyamba kusinza: amenewo musawafunditse kuti agoneko, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.